Njerwa Ziwiri

Juni wa ku Tsangano saona nkhope.
Amatsika m'phiri usiku, mwakachetechete,
m'mawa mupeza masamba a mbatatesi atapserera
ngati wina wadutsamo ndi muuni,
madzi a m'ndowa akuluma mano.

Bambo anga, a Jerevaziyo, chifuwa chawo n'chakale.
Ndinagulitsa matumba asanu ndi limodzi pa Biriwiri
n'kuitana Zefaniya, mmisiri wa ku Ulongwe.
Anamanga ng'anjo ya njerwa kukhitchini,
utsi anaupatsa njira yakeyake ya padenga,
ndipo paipi ya malata, yoboola khoma cha pamwamba,
inkayenera kunyamula kafundidwe
kukatula kuchipinda kwa mdala.

Ine ndinachita chimene ndimadziwa: kutseka.
Nsanza kunsi kwa chitseko,
makatoni pawindo,
dothi m'ming'alu monse, mpaka momwe mumalowa nyerere.
Ng'anjo inalilima usiku wonse,
nkhuni za sabata zinatha,
koma chipinda chinali zii ngati mwala wa kudambo
ndipo bambo anatsokomola mpaka tambala wachitatu.

Zefaniya anabweranso, matope m'mawondo.
Sanakhale pansi.
Anatola nthenga ya nkhuku pakhomo,
anaiika kukamwa kwa paipi.
Nthenga inangoti duu.

"Mayi, botolo lodzaza simuthiramo kanthu.
Muno mwakhuta mpweya wozizira.
Wofundawo ukhala pati
eni mpando asanasunthe?"

Anagwada, n'kuyala dzanja pasimenti.
"Chisanu n'cholemera, chimagona pansi ngati galu.
Khomo lake likhale m'munsi muno,
chizituluka chokwawa kubwerera kumoto.
Komanso osati pafupi ndi paipi, ayi.
Mukatero wofundawo ungosuzumira n'kutembenuka
ngati munthu wofunsa njira.
Tiboole uko, kumiyendo kwa bedi,
kuti uziyamba wadutsa pa wodwalayo."

Anayeza kukamwa kwa paipi:
chikhatho chimodzi ndi zala zitatu.
Pakhoma analemba ndi khala malo oposerapo.
Ndinati, si lalikulu kwambiri limenelo?
Anati, "Njira yobwerera isachepe kuposa yopitira.
Ikachepa iziimba mluzu usiku wonse,
chitseko chizilimba ngati wina wachitsamira kunja."

Go! Go! Njerwa ziwiri zinagwa.
Anakhomapo waya wa sefa chifukwa cha makoswe,
anandiloza ndi chipande cha matope:
"Pamenepa pasabwere sutikesi.
Pasabwere thumba la mbewu. Ndikudziwani inu alimi."
Nthenga ija anaigwiranso, cha pansi.
Inawerama pang'onopang'ono
ngati ikupereka moni kubowo.

Zonsezi bambo ankangopenya, bulangete mpaka m'mphuno.
Iwowa ndi amene zaka zitatu zapitazo,
Lusiyano atagulitsa ng'ombe ya pangolo osafunsa
n'kuthawira ku malasha ku Moatize,
anaima pakhonde n'kunena kuti
phazi lake lisadzapondenso pano.
Chiyambire, dzina lake tinalitseka ndi nsanza.

Usiku umenewo ndinadzuka kawiri
poopa bata.
Ankangopuma. Phazi limodzi linali kunja kwa zofunda.

Kutacha ndinawapeza atakhala pansi, pasimenti,
munthu woti kugwada anasiya kalekale ngakhale kutchalitchi,
dzanja lili pa waya wa sefa,
akumvetsera mpweya ukudutsa m'zala zawo
pa ulendo wake wa kumoto.
Anakhala choncho mpaka tiyi anazizira.

Kenaka, osandiyang'ana:
"Nambala ya ujeni uja, ukadali nayo?"

Ndinati ilipo,
koma muno foni sigwira, mpaka pachulu paja.
Anayang'ana panja, udzu uli mbuu ndi chisanu.
Anati, "Ndipatse ndodo yanga.
Ndi chipewa."